Funsani Mmisiri: Kodi tchaja yakale ya batire ingayendetse tinthu tanga?

Funso: Bambo Mmisiri, ndili ndi tchaja yakale ya batire la galimoto imene malume anga anandisiyira. Ndi yolemera, bokosi lake ndi lachitsulo, kutsogolo kuli kamita ka singano ndipo palembedwa 12V 6A. Ine ndimakonda kuseweretsa timagetsi ta LED, timamota ting'onoting'ono ndi kudzutsa mawailesi akufa, koma mabatire akundithera. Nditaiyeza ndi mita yanga inaonetsa 12.6 volts. Kodi ndingangodula zopanira zija n'kulumikiza mawaya ku tinthu tanga?
*Mnyamata wokonda mawaya*

Yankho: Achimwene, zopanirazo musadule kaye. Tchajayo musaitaye, ndi chuma, koma mita yanu sinakuuzeni zonse.

Mkati mwa tchaja yolemera ngati yanuyo zimene zimagwira ntchito ndi ziwiri basi: thiransifoma yotsitsa magetsi a pakhoma, ndi madayodi owakakamiza kuti aziyenda mbali imodzi. Chotuluka pamenepo si magetsi osalala ngati a batire ayi. Amanyamuka pa 0, kukwera mpaka pamwamba, n'kugwanso, ka 100 pa sekondi iliyonse ngati magetsi a pakhoma ndi a 50 Hz. Mita singathamange nalo liwiro limenelo, ndiye imangokupatsani nambala yapakati. Ikanena kuti 12.6, dziwani kuti nsonga zake zikugunda pafupifupi 20 volts. Batire la galimoto silidandaula nazo. Limameza mabampu onsewo n'kugwira voteji pamalo amodzi, ndipo opanga tchaja ankadalira zimenezo. Mukalichotsa batirelo, mabampuwo amagwera kanthu kanu.

Ine zinandionekera pa wailesi ya bambo anga, ija yodya mabatire 8 a tochi. Ndinawerenga ndekha kuti 8 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 12, tchajanso ndi ya 12, ndiye chavuta n'chiyani? Nditalumikiza, wailesi inalankhula ndithu, koma pansi pa mawuwo panali kung'ung'udza ngati njuchi zili m'chitini. Sipanathe mphindi ziwiri, kafungo ka pulasitiki wopsa, kenako zii. Bambo sanakweze mawu. Anangoitembenuza wailesiyo, n'kuinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Amisiri, nanga nkhani madzulo ano timvera pati?"

Tsono ntchito yanu ndi yobwezeramo zimene batire linkachita. Koma musanagule kalikonse, yambani mwafufuza ngati tchajayo singakupheni, chifukwa mbali imodzi ya thiransifoma ili ndi magetsi onse a pakhoma. Zulani pulagi pa soketi. Kuzimitsa pa switchi pokha sikokwanira. Ikani mita yanu pa ohms, ndodo imodzi pa dzino la pulagi (lililonse mwa awiri onyamula magetsi), inayo pa chopanira chofiira, kenako pa chakuda, switchi ya tchaja ili yoyatsa. Mita iyenera kukhala duu, kuonetsa OL kapena 1 yokha, kutanthauza kuti palibe njira pakati pa khoma ndi zala zanu. Yezaninso pakati pa mano omwewo ndi bokosi lachitsulo, yankho likhale lomwelo. Pokhapo pamene mita iyenera kuonetsa njira ndi pakati pa bokosi ndi dzino la earth, lachitatu lija lothawitsira magetsi m'nthaka. Ikaonetsa njira pamene siyenera kukhalapo, nkhani yathera pomwepo: thiransifomayo yapsa mkati kapena tchajayo inapangidwa yosalekanitsa mbali ziwirizo, ndipo palibe kachipangizo kalikonse koonjezera kamene kangakonze zimenezo.

Yang'ananinso chingwe. Chakale chimauma n'kung'ambika pamene chimalowera m'bokosi. Chisintheni ndi cha mawaya atatu, wa earth mumumangirire pa bokosi ndi bawuti, osati kungomupiringiza. Mbali ya pakhomayi, ngati simunaigwirepo, pemphani munthu wodziwa zamagetsi akhale pambali panu. Sichamanyazi. Ndipo mukatsegula n'kupeza timbale tachitsulo tosanjikizana pa bawuti imodzi, nthawi zambiri topentedwa, imeneyo ndi rectifier ya selenium ya makedzana, yogwira ntchito ya madayodi aja. Ikamapsa imanunkha ngati mazira owola ndipo utsi wake ndi woipa m'mapapo. Ichotseni, muikepo bridge rectifier ya silicon (madayodi anayi m'kabokosi kamodzi) monga KBPC3510, yomangirira pa chitsulo cha bokosi kuti izizizira.

Ikakhoza mayeso amenewa, tiyeni timange. Choyamba ndi kapasita yaikulu potulukira magetsi, ya 4,700 µF. Imagwira ntchito ngati thanki: imadzaza pa nsonga, n'kumatulutsa pang'onopang'ono magetsi akagwa. Pa 1 ampere mabampu aja amatsika n'kutsala a 2 volts kapena kupitirira pang'ono. Koma apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Thankiyo imadzaza mpaka pa nsonga, ndiye mita yanu ija imene inkati 12.6 tsopano iziti 19 kapena 20. Musadabwe, simunalakwitse. N'chifukwa chake kapasita ya 16 volts siyenera kufika pafupi, gulani ya 35 volts. Mwendo wa kumbali ya mzere wolembedwa minus upite ku waya wakuda. Mukaitembenuza imatupa n'kuphulika ngati mfuti, timapepala mbwee m'chipinda monse, ndiye poyatsa koyamba nkhope ikhale kutali. Pakati pa miyendo yake ikanipo rezisita ya 2.2 kilohms ya 1 watt, kuti mukazimitsa izikhuthula magetsi otsalira isanathe mphindi imodzi.

Tsopano muli ndi 20 volts yosalala, yomwe idakali yambiri kwa wailesi ya 12 kapena kanthu ka 5. Pafunika regulator, kachipangizo kotsitsa voteji n'kuigwira pamalo amodzi. Mabuku akale onse adzakuuzani za LM317, ndipo ndi yabwino: imatsitsa kuyambira 1.25 volts kupita m'mwamba, mpaka 1.5 amperes, ndipo magetsi ake ndi aukhondo, wailesi sichita nawo phokoso. Vuto lake ndi loti voteji yotsala imaisandutsa kutentha. Kutsitsa 20 kufika pa 5 mukukoka 1 ampere ndiye kuti ma watts pafupifupi 15 akuthera pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo. Popanda heat sink yaikulu, chitsulo chomwaza kutentha, imatentha n'kudzizimitsa yokha. Kumbukiraninso kuti kachitsulo ka kumsana kwake kali ndi magetsi otuluka, ndiye kasakhudze bokosi popanda chotchingira. Njira ina ndi kabolodi kopangiratu ka LM2596, kokhala ndi kasikuluwu kopotokola posintha voteji. Sikatentha kwambiri. Amalembapo 3 amperes, koma ine sindikapitiritsa pa 2. Kwa timamota ndi ma LED anu ndingasankhe kameneka. Pa mawailesi ndimabwerera ku LM317, chifukwa kabolodi kaja kamaponya kaphokoso kamene wailesi ya AM imatola msanga.

Chimene sindingakulekerereni ndi fyuzi. Zoti 6A zolembedwa kutsogolozo ndi zimene tchaja imapereka bwinobwino osatopa, si malire ake. Mawaya awiri akakhudzana, thiransifomayo imakankha zoposa pamenepo kambirimbiri, ndipo timawaya topyapyala ta pa tebulo timafiira n'kusungunula chikopa chake muli chigwirire. Kachitsulo kodula magetsi kamene matchaja ena ali nako mkati kamateteza thiransifoma, kamachedwa, sikasamala za tinthu tanu. Ikani fyuzi ya 2 amperes pa waya wofiira, pakati pa kapasita ndi regulator, ina ya 1 ampere ya mtundu wochedwa kupsa ku mbali ya pakhoma ngati magetsi ake ndi a 230 volts. Ikapsa, funani chimene chaipsereza. Musamangirepo kawaya.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi tchaja yamakono, yopepuka, yapulasitiki, ya timagetsi tothwanima: zonsezi si zanu. Zambiri mwa izo sizitulutsa kanthu zikapanda kumva batire kumapeto kwa mawaya, ndipo mkati mwake muli kapasita yosunga ma volts oposa 300 ngakhale mutazula pulagi. Isiyeni izitchaja mabatire.

Mukamaliza, tsekani bokosi musanayatse, mabowo a mpweya akhale otsegula. Choyamba kulumikiza chisakhale chinthu chimene mumachikonda. Tcherani voteji pa 12 ndi mita, kenako lumikizani babu la galimoto la 21 watts, lomwe limakoka pafupifupi 1.75 amperes (ngati mwaika LM317, tengani la 10 watts). Lisiyeni liyake theka la ola muli pomwepo. Voteji isasunthe, ndipo mukazula pulagi n'kugwira thiransifoma ikhale yofunda chabe, osati yootcha. Pomaliza matani kapepala pa bokosi kuti ino si tchajanso, kuti wina asadzaipanire pa batire la galimoto, makamaka pa batire la lithium la foni kapena laputopu, lomwe limayaka moto likapatsidwa magetsi opanda woliyang'anira. Kamita ka singano ka malume anu kaja musakachotse. Kakadumpha mwadzidzidzi, mudzadziwa kuti pena pashota fungo lisanakufikeni.