Foni yaposa kompyuta pa Geekbench, ndiye kompyutayo igulitsidwe?

M'bale wina wa ku Kalingalinga, kuno ku Lusaka, wojambula maukwati, wandilembera pa imelo. Akuti foni yake yatsopano yaposa kompyuta yake yakale ya patebulo pa Geekbench 6, pulogalamu yoyesera liwiro la makina, mbali ya single-core (imene imayesa gawo limodzi lokha la purosesa, ubongo wa makinawo), ndiye akufunsa ngati angagulitse kompyutayo n'kumakonzera mavidiyo pa foni.

Achimwene, funso lanu landikhudza, chifukwa manambala amenewa ndimalimbana nawo tsiku ndi tsiku. Ndimakonza makompyuta m'kashopu pafupi ndi Town Centre, ndipo sipatha tsiku osaona wogulitsa akumufikitsa kasitomala foni pamphuno: "Onani AnTuTu amdala, yadutsa miliyoni!" Kasitomala amagwedeza mutu, ndalama n'kutuluka. AnTuTu ndi pulogalamu ina yoyesera liwiro la foni, ndipo miliyoniyo ndi chiwerengero chophatikiza purosesa, mbali ya zithunzi, memory ndi zina, koma palibe amamuuza zimenezo.

Mphwanga wina amajambula kwaya ya kumpingo kwawo ku Matero. Anagula foni m'njira yomweyi, laputopu yake n'kuipereka kwa mnzake pamtengo wolira. Mwezi wa Okutobala anabwera kushopu nkhope ili gwa. Anayamba kutulutsa vidiyo ya kwayayo ine ndikuona. Poyamba kamzere kosonyeza ntchito kanathamanga bwino, mpaka iye anandiyang'ana monyadira. Posakhalitsa msana wa foni unatentha moti anaichotsa m'chikwama chake cha labala n'kuiika pa simenti. Sikirini inadzichepetsa yokha kuwala, kamzere kaja kanayamba kukwawa. Anthu a kwaya anali akumuimbira, akufuna vidiyo isanafike Sabata. Zinandipweteka, chifukwa mwanayo sanachite zopusa. Anakhulupirira nambala imene munthu wamkulu anamuonetsa.

Nambalayo si yabodza ayi. Geekbench 6, imene kampani ya Primate Labs inatulutsa mu 2023, inapangidwa kuti izitha kuyerekeza makina osiyana, ndipo muyeso wake ndi 2,500, womwe ndi wa purosesa ya makompyuta a patebulo ya Intel Core i7-12700. Foni ikafika pamenepo, ndiye kuti pa tintchito timene Geekbench imaipatsa yafikadi. Koma tintchitoto n'tatifupi, mayeso onse amatha m'mphindi zochepa, foni isanatenthe kwenikweni. Core i7-12700 ija imadya mawati 65 pa ntchito wamba ndipo imatha kukwera mpaka 180, ili ndi fani ndi chitsulo chachikulu chochotsa kutentha pamutu pake. Foni ikagwira ntchito nthawi yaitali imakhala pa mawati osafika 10, ilibe fani, ndipo batire lili pambali pomwepo. Ikatentha imadzichepetsa liwiro kuti isapse, ndiye throttling imene mumamva ija. Wothamanga mamita 100 mungamutame, koma simungamupatse njinga ya makala kuti aipalase kuchokera ku Chongwe mpaka m'tauni.

Pano ndiye mtima wanga umauma. Kugulitsa foni ndi nambala ya mayeso a liwiro (benchmark) kwa munthu amene wakuuza kuti akufuna kukonzera mavidiyo ndi kumubera, basi. Ngakhale makampani akuluakulu anagwidwapo pa nkhani yomweyi. Mu 2022 Geekbench inachotsa pamndandanda wake mafoni a Samsung kuyambira Galaxy S10 mpaka S22, zitadziwika kuti pulogalamu ya Game Optimizing Service inkachepetsa liwiro pa masewera koma n'kumasiya mapulogalamu oyesera akuthamanga mokwanira. Ngati zinachitika kumeneko, nanga pa kauntala ya m'tauni?

Musandimve ngati ndikunyoza mapurosesa a m'mafoni. Apple itatulutsa purosesa ya makompyuta ya M1 mu 2020, yochokera ku banja lomwelo la mapurosesa a iPhone, ambiri a ife okonza makompyuta tinangoti kakasi. Koma onani: M1 yomweyo mu MacBook Air yopanda fani imafooka pa ntchito yaitali, pamene mu MacBook Pro yokhala ndi fani imapitirira osagwa mphwayi. Purosesa imodzi, kusiyana kwake ndi mpweya wozizira.

Ndiye palinso nkhani ya malaiti. Mu 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, tonse tinaona makompyuta a patebulo atangokhala phee tsiku lathunthu, pamene wa foni ndi power bank akugwira ntchito. Anzanga ena anapulumutsa bizinesi ndi foni nthawi imeneyo, ndipo ndimawalemekeza. Chimenecho ndi chifukwa chomveka chokondera foni. Geekbench sichidziwa n'komwe. Sidziwanso kuti vidiyo ya ukwati wa tsiku lonse idzadzaza foni, kapena kuti kudula timagawo ndi chala pa kasikirini kakang'ono kumatopetsa maso ndi khosi, mkwatibwi akukufunsa pa WhatsApp kuti zafika pati.

Chinanso, osayerekeza nambala ya Geekbench 5 ndi ya 6. Miyeso yake ndi yosiyana, ndipo ogulitsa ena amazisakaniza dala.

Nanga muchite chiyani?

Musaigulitse kaye. Tengani vidiyo imodzi yaitali ya ukwati, muitulutse pa foni ndi pa kompyuta masana kukutentha, muwerenge nthawi ndi wotchi. Pa foni yesaninso pulogalamu ya 3DMark, mbali ya Wild Life Stress Test, imene imabwereza mayeso ka 20 n'kukuonetsani mmene liwiro latsikira. Kompyuta ikakhala kuti ikuchedwa, muikire SSD (chosungira mafayilo chachangu), muonjezere RAM (memory yogwirira ntchito), muipukute fumbi mu fani. Foni ikhale ya timavidiyo tatifupi ta pa Facebook ndi masiku amene malaiti apita.