Madzi a mpunga, chebe ndi zina za pa TikTok: yankho kwa mchemwali wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba, ndipo wandilola kuti ndiyankhire pano popanda kutchula dzina lake. Anasiya kuthira relaxer chaka ndi theka chapitacho, n'kumeta tsitsi lonse lowongoka lija kuti ayambirenso. Kuchokera nthawi imeneyo wayesa madzi a mpunga, chebe, mafuta a rosemary, kuchapa ndi kondishona yekha, ngakhalenso soda. "Anti," akutero, "ndalama zikungotha koma tsitsi langoima pamodzimodzi, m'mutu mukuyabwa, ndipo cham'mphepetemu mwayamba kuyera. Pa zonsezi chothandiza n'chiti?"

Achemwali, mtima m'malo, tsitsi lanu silinaime. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye pa miyezi 18 mutu wanu watulutsa masentimita 15 kapena kuposerapo. Lina mwa ilo labisala chifukwa tsitsi lathuli limakhwinyata, moti likauma limatha kuoneka theka chabe la mmene latalikira. Lina ndiye laduka. Mukamapesa ulendo wotsatira, yalani nsalu yoyera pamiyendo, muone zomwe zikugwerapo. Tsitsi lalitali lokhala ndi kadontho koyera kunsonga imodzi ndi lomwe lachoka ndi muzu poti nthawi yake yakwana, ndipo munthu aliyense amataya 50 mpaka 100 otere patsiku. Koma mukaona tizidutswa tifupitifupi topanda kadonthoko, tili mbwee ngati tiyi wamasamba, dziwani kuti pamene muzu ukutulutsa, kunsonga kukuduka. Ambirife vuto lathu lili pamenepo.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka tsitsilo. Lathu ndi lopotana, ndipo paliponse pamene lapindika ndi pofooka. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutikanso kutsika m'mapindikidwe onsewo, choncho kunsonga kumakhala kouma nthawi zonse. Onjezanipo mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julaye, kenako dzuwa ndi fumbi la mu Okutobala. Ndipo tisaiwale kuti ambirife tinakula tikumetedwa chifukwa cha malamulo a kusukulu, moti tikuphunzira kusamala tsitsi lathu titakula kale. Si zachilendo kuti mukusokonezeka.

Tiyambe ndi madzi a mpunga, poti awa ndinawayesa ndekha. Mbiri yake inachokera kwa amayi a mtundu wa Yao a m'mudzi wa Huangluo, m'chigawo cha Guangxi ku China. Dzinalo langofanana ndi la Ayao athu a ku Mangochi ndi Machinga, si abale ayi. Amayiwa amatsuka tsitsi ndi madzi a mpunga osasitsa, ndipo limafikadi kupitirira mita imodzi. Koma tsitsi lawo ndi lowongoka mwachibadwa, amalimeta kamodzi kokha pamoyo wawo akamakwanitsa zaka ngati 18, ndipo amalizengeza pamutu osalivutitsa. Makanema a pa TikTok amangotenga madziwo n'kusiya zina zonsezi. Ine ndinkaviika mpunga wa Kilombero masiku atatu, n'kumathira madziwo Loweruka lililonse. Masabata awiri oyamba tsitsi linkamveka lolimba, ndinasangalala. Pofika sabata yachisanu linali gwa ngati chingwe cha khonje, ndikaligwira linkachita phokoso, ndipo pansalu panga panadzaza tizidutswa tija. Sitachi ya mpunga imamatirira patsitsi n'kuliumitsa. Mukafunabe kuwagwiritsa ntchito, kamodzi pamwezi n'kokwanira, kwa mphindi zosapitirira 20, mutsuke bwinobwino n'kutsatiza kondishona.

Chebe ndiye ndimamulemekeza, ngakhale pa chifukwa chosiyana ndi chomwe ogulitsa amanena. Ndi ufa wochokera ku Chad, wa amayi a mtundu wa Basara. Amakazinga njere za kamtengo kotchedwa croton, n'kuzisinja pamodzi ndi ma clove ndi zina zonunkhira. Amanyowetsa tsitsi, kulipaka mafuta ndi ufawo osafika pakhungu, kuliluka zingwe zikuluzikulu, n'kulisiya masiku angapo osaligwira. Onetsetsani pamenepo: ufa sukhudza muzu n'komwe, ndiye sungathamangitse kakulidwe. Ntchito yake ndi kukutira tsitsi kuti lisaume ndi kuduka, ndipo theka la chinsinsicho ndi kulisiya osalipesapesa. Ngati inu mwakhala mukuupaka pakhungu la m'mutu, kuyabwa kwina kukuchokera pamenepo. Ndimadanso nkhawa ndi ufa wogulitsidwa m'timapepala topanda chizindikiro, poti wogula alibe njira yodziwira chomwe chasinjidwamo.

Za rosemary anthu amakonda kunena kuti "asayansi anatsimikiza". Kafukufuku amene amatchulidwayo ndi wa mu 2015 ku Iran. Anatenga amuna 100 a dazi la kumtundu, ena n'kumapaka mafuta a rosemary, ena mankhwala omeretsa tsitsi a minoxidil a 2 peresenti, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi zotsatira zinali zofanana. Ndi kafukufuku wamng'ono, wa amuna a dazi, pomwe lanu ndi tsitsi loduka kunsonga. Mafuta enieni a rosemary ndi aukali, amafunika timadontho tiwiri kapena titatu mu supuni yaikulu ya mafuta ena. Opakidwa okha amatentha khungu.

Soda musiyireni therere. Khungu la m'mutu limafuna kukhala la asidi pang'ono, pa muyeso wa asidi wotchedwa pH lili cha m'ma 5.5, pomwe soda ali pamwamba pa 8. Amatukula mamba a tsitsi n'kulisiya lokhakhala. Therere lobalalo ndiye labwino kutsitsi: dulani asanu kapena asanu ndi limodzi, wiritsani m'madzi okha opanda soda, sefani pakansalu. Kuterera kwake kumamasula mfundo popanda kukoka. Pangani lokwanira tsiku limenelo, silichedwa kuwonongeka.

Tsopano kuyabwa kuja. Kuchapa ndi kondishona yekha kunatchuka ndi njira ya Curly Girl ya Lorraine Massey, wokonza tsitsi wa ku England yemwe amagwirira ntchito ku New York, kuyambira cha mu 2001. Njirayo imayenda bwino kwa munthu wopaka zinthu zopepuka. Inu mukupaka chebe ndi mafuta olemera, mukuyenda m'fumbi, mwinanso mukuchapira madzi a pamjigo omwe amasiya mchere patsitsi. Kondishona sangachotse zonsezo. Zimaunjikana, ndipo kafangasi kotchedwa Malassezia, kamene kamayambitsa mfundu, kamadya mafuta omwewo. Bwererani ku shampu, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, muzitikita khungu ndi nsonga za zala osati zikhadabo. Mfundu ikakanika, ku famase kuli shampu wa ketoconazole. Koma mukaona malo ozungulira othothoka tsitsi, a mamba kapena tizilonda, chikhoza kukhala chipere, ndipo chipere cha m'mutu chimafuna mapiritsi akuchipatala, zopaka zokha sizichithetsa.

Mwa zonse mwalemba, chimene chandikhudza kwambiri ndi m'mphepete mukuyeramo. Simunanene za malukidwe anu, koma nthawi zambiri gwero lake ndi kukoka: mameshi olemera, mizere yothina, guluu wa wigi, ndi kupesera m'mphepete ndi jelo tsiku lililonse. Madokotala amati traction alopecia. Ine ndinalukitsapo ku saluni ina tsiku la ukwati wa mng'ono wanga, usiku wake ndinalephera kugoneka mutu papilo mpaka ndinamwa mankhwala opha ululu, ndipo m'mawa cham'litsipa munali timatuza toyera. Ndinapirira masabata asanu ndi awiri poganizira ndalama zomwe ndinalipira. Tsitsi la mbali yakumanzere linanditengera pafupifupi chaka kuti libwerere. Mukalipeza msanga limameranso, koma kukokako kukapitirira zaka, mizu imasanduka chipsera ndipo palibe mafuta amene angaidzutse. Choncho wolukayo akamakoka, muuzeni nthawi yomweyo mwaulemu kuti, "Asisi, masulaniko pang'ono, ndipo tam'mphepeteti tisiyeni." Zoluka zisapitirire masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenako mutu upume. Pakadutsa miyezi itatu osaona timatsitsi tatsopano, kapena pamalopo pakayamba kusalala n'kumanyezimira, pitani akakuoneni madokotala a matenda a khungu. Ku Queens ku Blantyre gawo limeneli lilipo, ndipo si kutali ndi kwanuko. Mukapemphenso akuyezeni magazi, poti kuchepa kwa ayironi kumathothola tsitsi. Ngati mwabereka posachedwapa, tsitsi limagwa lokha patatha miyezi iwiri kapena inayi, kenako limabwerera.

Ndikanakhala inu, miyezi itatu ikubwerayi ndikanaika mabotolo onse aja pambali. Mwayesa zinthu zisanu nthawi imodzi, ndiye palibe njira yodziwira chomwe chakuthandizani ndi chomwe chakupwetekani. Chapani ndi shampu, pakani kondishona, masulani mfundo tsitsi likadali lonyowa, kuyambira kunsonga kupita kumuzu, ndi zala kaye kenako chipeso cha mano otalikirana. Lisanaume pakani mafuta pang'ono. Mafuta sanyowetsa tsitsi, amangotsekera madzi amene alowamo kale, n'chifukwa chake kupaka pouma kumangolinyezimiritsa likudukabe. Simukufunika mafuta okwera mtengo. Agogo anga ankakazinga nsatsi, kuzisinja mumtondo, kuziwiritsa n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba, ndipo ndi kapangidwe komweko ka mafuta akuda a ku Jamaica amene lero akugulitsidwa mokwera m'masitolo. Njere za nsatsizo ndi poizoni, muzisunge kutali ndi ana. Mukapaka mafutawo, tsitsilo limangeni ndi ulusi mosathinitsa, monga ankatimangira amayi athu, liwongoke popanda moto. Pogona valani duku la satini, poti chitenje cha thonje chimamwa chinyezi chonse usiku.

Lero lomwe kokani kachingwe kamodzi ka tsitsi kuseri kwa khutu, muyeze ndi tepi ya telala, mulembe tsiku ndi masentimita ake. Mudzayezenso pomwepo miyezi itatu ikatha. Mukatero ndilembereninso, mundiuze nambala ziwirizo ndi zomwe mwapeza pansalu yoyera ija, kenako tidzasankhe limodzi chinthu chimodzi choti mubwezeremo.