Masisitere a pa San Giulio sanalonjeze munthu kuti adzamutsegulira

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akupita ku Italy ndi amuna awo pa tchuthi cha masiku anayi. Akufuna kuona Stresa, Verbania, Cannobio, Omegna ndi Orta, ndiye akufunsa ngati n'koyenera kutaya theka la tsiku kuwolokera pa chilumba cha San Giulio, chomwe chili pa nyanja ya Orta, poti amva kuti m'nyumba ya masisitere salowetsamo alendo.

Mayi, liwu lanu loti "kutaya" landigunda pachilonda, chifukwa linatulukapo m'kamwa mwangamu, nditaima pakhomo la nyumba yomweyo, thukuta lili kamukamu.

Ulendo umenewo ndinaukonza ndine, ndipo ndinaukonza ngati ndandanda ya mayeso. Pepala linali m'thumba la shati: Stresa 8 koloko, boti la ku chilumba cha Isola Bella pa nyanja ya Maggiore 9 koloko, chilumba cha Isola dei Pescatori mphindi 40, kenako galimoto mpaka ku Orta. Mayi akunyumba anandifunsa kuti kodi tikudya liti, ine n'kuwayankha kuti tidyera m'njira. Ku Isola Bella ndinkangowakoka dzanja, uku ndikuwauza kuti m'nyumba yachifumu ya banja la Borromeo ija ndi mmene Mussolini, mtsogoleri wa Italy panthawiyo, anakumana ndi atsogoleri a Britain ndi France mu 1935. Mayi akunyumbawo ankafuna kuona mapikoko oyera aja a m'munda. Sindinawalole. Lero mukandifunsa kuti m'mundamo munali maluwa anji, sindingakuuzeni, koma nthawi imene boti linanyamuka ndikuikumbukira bwinobwino.

Pa San Giulio tinafika dzuwa lili paliwombo, tchalitchi atatseka kuti anthu akapume masana. Chilumbacho n'chaching'ono, mamita pafupifupi 275 m'litali, ndipo njira ndi imodzi yokha yozungulira, yopanikizika pakati pa makoma aataliatali. Ndinaizungulira mphindi 10, n'kubwerera pomwe ndinayambira, n'kunena mokweza kuti tataya nthawi ndi ndalama ya boti. Mayi akunyumba sanayankhe. Anakhala pansi pa masitepe oyang'ana kumadzi, anavula nsapato, n'kunena kuti iwo sasuntha mpaka tchalitchi atatsegula, ndipo ngati ndikufuna Omegna ndipite ndekha. Amene ali pabanja akulidziwa liwu limenelo. Ndinakhala pansi.

Tinakhala pamenepo osalankhulana pafupifupi maola awiri. Gulu la alendo linabwera n'kupita, linanso chimodzimodzi. Kenako kunati zii. Ndi pamene ndinayamba kumva madzi akumenya pansi pa makoma ndi belu likulira mkati. Ndinazunguliranso njira ija pang'onopang'ono n'kuona zikwangwani zimene ndinazidumpha poyamba, zolembedwa m'zinenero zingapo. Ukamalowera mbali imodzi njirayo imatchedwa Via del Silenzio, njira ya kukhala chete, ukatembenuka n'kubwerera ndi Via della Meditazione, ya kusinkhasinkha. Ine ndinali nditadutsamo ngati wothamangitsidwa ndi njuchi.

Tsono ndinene mosapsatira, ndipo ena mukwiya. Mlendo amene amadandaula kuti masisitere sanamulowetse ndi wodzikonda. Azimayi amenewa ndi a chipani cha Benedikito Woyera, anasankha moyo wodzitsekera, ndipo anabwera pa chilumbachi mu 1973 motsogozedwa ndi Mayi Anna Maria Cànopi, amene anamwalira mu 2019. Nyumba imene akukhalamo inali seminale yomangidwa m'zaka za m'ma 1840 pamalo pomwe panali linga lakale. Ntchito yawo ndi kupemphera, kusoka zovala za ku tchalitchi, ndi kukonza nsalu zakalekale zimene zikufumbwa. Tikiti yanu ya boti sinagule nkhope zawo. Kodi inuyo mungakonde kuti anthu osawadziwa azisuzumira m'khitchini mwanu tsiku lililonse ndi foni m'manja? Ndipo khoma lotsekalo ndi limene likusunga bata limene anthu amawolokera kukalifuna. Atatsegula lero, pofika chaka chamawa pangakhale mashopu a makiyi ndi ayisikilimu mpaka pakhomo la chipinda chopemphereramo.

Atatsegula tchalitchi tinalowa, ndipo chimene chinandiimitsa ndi gome lolalikirapo la zaka za m'ma 1100, losemedwa pa mwala wakuda wobiriwira wochokera ku Oira, tsidya lina la nyanja yomweyo. Lili ndi zilombo zolumana, ndiponso munthu wina wotsamira ndodo amene amakuyang'ana ngati akudziwa za pepala lili m'thumba mwako. Pansi pali chipinda chomwe muli mafupa a Giulio Woyera m'bokosi lagalasi. Nthano imati cha m'ma 390 eni mabwato anakana kumuwolotsa poopa njoka ndi zinjoka za pachilumbapo, iye n'kuyala mkanjo wake pamadzi, n'kuwoloka atakwerapo. Mayi akunyumba anati mwina naye anali ndi mwamuna wa ndandanda, anangothawa.

Za nyanjayo ndisaiwale, poti anthu amaijambula osadziwa kuti inafapo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, fakitale ya ulusi ku Gozzano inkatayiramo mkuwa ndi amoniya, madzi n'kusanduka asidi, nsomba n'kutheratu. Mu 1989 ndi 1990 anathiramo laimu wochuluka kuchokera pa boti, ndipo moyo unayamba kubwerera. Ilinso ndi mwano wake: madzi ake amatulukira kumpoto, kulowera kumapiri, kudzera mu kamtsinje ka Nigoglia pa Omegna, pomwe nyanja zinzake za m'deralo zimatsikira kummwera. Omegna yemweyo ndi kwawo kwa makampani a Bialetti ndi Alessi, ngati mumakonda timiphika ta khofi. Ife sitinakafikeko tsiku limenelo, ndipo palibe anafa.

Tsono mupite kapena ayi?

Pitani, mayi, koma mndandanda wanuwo muudule. Matauni asanu pa masiku anayi ndi zija za ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Cannobio ili kutali kumpoto, kufupi ndi malire a Switzerland, isiyeni ya ulendo wina. Gonani masiku awiri ku Stresa, ndipo Verbania mukaione pa boti kuchokera kumeneko. Masiku awiri enawo mugone ku Orta penipeni, pasathe ola pa galimoto, koma dziwani kuti galimoto imasiyidwa kumtunda, m'tauni mumatsika wapansi, choncho masutikesi akuluakulu akuvutitsani pa miyala ija. Maboti amanyamukira pa Piazza Motta ndipo amatenga mphindi zisanu zokha. Kwerani loyamba m'mawa magulu asanafike, valani zophimba mapewa ndi mawondo, foni muitseke pakamwa. Ngati mukufunadi kulowa mkati mwa moyo wa masisiterewo, amalandira anthu obwera kudzapemphera kwa masiku angapo, koma muyenera kuwalembera kalata nthawi ikadalipo. Madzulo ake mukwere phiri la Sacro Monte pamwamba pa tauniyo, pomwe pali timatchalitchi 20 tofotokoza moyo wa Fransisko wa ku Assisi, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2003. Chilumba chonse chimaoneka bwino kuchokera pamenepo. Amuna anuwo akatulutsa pepala m'thumba, alandeni.