Hutala wa MGB wolira yekha pokhota: yambirani pa shafiti ya chiwongolero

Achimwene, mwafunsa za galimoto yanu ya MGB ya 1972 imene muli nayo ku Ulongué, yoti hutala amalira yekha mukamakhotera kumanzere, tsiku lina mukadina osalira n'komwe, komanso chiwongolero chayamba kugwedera mukachikankhira m'mwamba ndi pansi. Ambiri pano akuti mugule hutala watsopano. Chonde sungani kaye ndalama zanuzo. Hutala amene akulira yekha ndi wamoyo, ndipo ine ndikuona kuti mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi.

Pa galimoto zimenezi, zomwe zinkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, mawaya ake, a kampani ya Lucas, amadziwika ndi mitundu yake. Waya wapepo amachoka pa fyuzi n'kukafika pa mahutala awiri aja, ndipo amakhala ndi moto nthawi zonse ngakhale kiyi ali m'thumba. Kuchoka pa mahutalawo pali waya wapepo wa mzere wakuda amene amakwera mpaka kuchiwongolero. Batani la pakati pa chiwongolero silipereka moto ayi. Ntchito yake ndi kugunditsa wayayo ku ethi, kutanthauza chitsulo cha bodi ya galimoto, ndipo ethiyo imadzera mu shafiti ya chiwongolero yeniyeniyo. Ndiye shafiti ikamagwedera, hutala naye amasokonezeka.

Fyuzi musavutike nayo kwambiri. Ngati kagetsi ka m'kati kakuyaka, ndiye kuti waya wapepo ali ndi moto. Kenako tengani kawaya kakafupi, mugunditse mbali ya wapepo wa mzere wakuda uja ku chitsulo chopanda penti. Akalira bwino, mahutala alibe mlandu.

Tsopano chotsani waya wa batire, mutsegule pakati pa chiwongolero. Mupeza kachitsulo konga pensulo, kokhala ndi sipuling'i m'kati, kamene kamalumikiza batani ndi mphete ya mkuwa ili kuseri kwa chiwongolero. Pamphetepo pamakhudza kachitsulo kena kopyapyala kamene sikazungulira. Mukayang'anitsitsa ndi tochi, kawirikawiri mupeza mpheteyo yadyeka mbali imodzi, yachita kanjira kowala, kwinako kuli kwakuda ndi girizi wakale wosakanikirana ndi fumbi. Fumbi lathu lino la m'chilimwe, makamaka mukadutsa ku Moatize kumene kuli la malasha, limamata pamenepo n'kuuma gwa. Pukutani bwinobwino, muonenso ngati pulasitiki ya pensuloyo sinang'ambike, chifukwa ikang'ambika chitsulo chimagunda pomwe sichiyenera kugunda, hutala n'kulira yekha. Waya wosupuka pafupi ndi swichi ya ma indiketa amachitanso zomwezo.

Koma mukangopukuta basi, vuto libweranso. Kugwedera kuja kukutanthauza kuti bushi kapena bering'i ya pamwamba pa shafiti yatha, kapena mabawuti omangira paipi yake pansi pa dashibodi amasuka. Yambani ndi mabawutiwo, n'zosavuta. Muonenso joini ya kumunsi, imene imalumikiza shafiti ndi raki, chitsulo cha mano chimene chimakhotetsa mawilo akutsogolo. Munthu wina azigwedeza chiwongolero pang'onopang'ono, inu mutagwira joiniyo ndi dzanja. Ngati yatha mumva kugogoda m'zala. Imeneyo si nkhani ya hutala yokha, ndi moyo wanu, ndipo ine sindingalole kuti mutsike nayo mapiri a ku Zóbuè isanakonzedwe.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: pochotsa chiwongolero, wina aliyense asamenye mutu wa shafiti ndi hamala. Amakaniko ambiri anazolowera kutero pa malole ndi mapikapu. Ma MGB ambiri a zaka za m'ma 1970 ali ndi shafiti yopangidwa kuti izifupika pa ngozi, ndipo m'kati mwake zigawo ziwiri zimagwirizika ndi tizipini ta pulasitiki. Hamala imodzi yokha tizipinito timaduka, shafiti n'kuyamba kusewera mpaka kalekale, ndipo ina simungaipeze ku Tete kuno, muyenera kuitanitsa kunja. Masulani nati koma musaichotse yonse, kenako mukoke chiwongolero ndi pula, chida chozulira chiwongolero popanda kumenya. Chongani ndi choko pomwe chiwongolero chinali kuti chidzabwerere mowongoka. Masipanala akhale a mainchesi, chifukwa a mamilimita amabulungiza manati a galimoto zimenezi.

Mukamanga zonse, ngati hutala akulira mofooka, gunditsani kawaya kuchoka pa shafiti kupita ku bodi kwinaku mukudina. Mawu akakwera, ethi ya shafiti ndiyo yafooka ndi dzimbiri. Palani pomwe zitsulo zimakhudzana, kapena muike relay, kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi, kuti batani lizinyamula moto wochepa. Tumizani chithunzi cha kuseri kwa chiwongolero mukachichotsa, tione ngati mpheteyo ingagwirebe ntchito.