Za cornea youmitsidwa mufiriza, nali yankho langa

Achimwene, mwafunsa ngati cornea (kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso) ya munthu wopereka ingagwirebe bwino m'diso la wodwala ikakhala kuti inaumitsidwa mufiriza. Zimatengera opaleshoni yake.

Kumbuyo kwa cornea kuli kamzere kamodzi kokha ka maselo kotchedwa endothelium, ntchito yake ndi kupopa madzi kuwachotsa mu cornea kuti ikhale mbee ngati galasi. Ukaumitsa, madzi a m'kati mwa maselo aja amasanduka timiyala ta ayisi tomwe timawaboola, ndiye vuto ndi loti maselo amenewa sameranso, akafa afa basi, cornea imatupa nkuchita chifunga, munthu kumangoona ngati akuyang'ana pa windo la bafa. Nchifukwa chake malo osungira maso saumitsa cornea yoti ikalowe m'malo mwa cornea yonse ya wodwala. Amaiika mu mankhwala ngati Optisol pa madigiri 2 mpaka 8 kwa masiku osapitirira 14, ku Ulaya ambiri amasunga pofunda pafupi ndi madigiri 31 mpaka 37 kwa masabata pafupifupi 4.

Koma youmitsidwa sikuti ndi yotaya ayi. Diso likaboola chifukwa cha chilonda imatseka bowolo mwachangu diso lisatayike, komanso pa opaleshoni ya DALK yomwe amasintha mbali yakutsogolo yokha nkusiya endothelium ya wodwalayo imagwira bwino ndithu, thupi siliikananso kwambiri poti maselo achilendo amoyo mulibe.

Ine ndingati funsani adokotala mtundu wa opaleshoni yomwe akufuna kuchita komanso kuti cornea yo inasungidwa bwanji.