Kodi mchenga wa ku Senga Bay ungateteze chombo cha mumlengalenga?

Bambo wina wowotcherera zitsulo ku Salima watumiza funso pa imelo. Anamva kuti matailosi otchinga moto a chombo cha Space Shuttle ankapangidwa ndi mchenga, ndiye akufunsa ngati wa ku Senga Bay ungagwire ntchito yomweyo, mwinanso kuyala mu uvuni wawo.

Bambo, munamva zoona, koma chimatchinga moto si mchengawo ayi.

Chombo chikamabwerera padziko chimathamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. Mpweya wakutsogolo umasowa kothawira, umapanikizika n'kutentha, monga imachitira pampu ya njinga mukapopa mwaphuma. Kumimba kwa Shuttle kunkafika madigiri 1,260, pomwe aluminiyamu wa thupi lake sankayenera kupitirira pafupifupi 175.

Tailosi ya Shuttle yotchedwa LI-900 ankaipanga chonchi: mchenga amauyenga mpaka kutsala silika yokhayokha, amakoka tiulusi topyapyala, kutisakaniza ndi madzi, kuumba, kuumitsa, kenako kuwotcha m'ng'anjo. Pa magawo 100 a tailosiyo, oposa 90 ndi mpweya, moti kiyubiki mita yathunthu imalemera makilogalamu 144 okha. Mpweya wotsekeredwawo ndi umene umachedwetsa kutentha. Mchenga wa kunyanja ukhoza kukhala ndi silika, inde, koma ndi wosakanikirana ndi chitsulo komanso timiyala tina, ndipo zimenezi zimapangitsa ulusi kung'aluka ukatentha n'kuzizira.

Mutu unkawawa pomata. Aluminiyamu amafutukuka ndi kupindika, tailosi siitero, imangosweka. Chala chokha chikhoza kuiboola. Choncho pakati ankayalapo kansalu kofewa ka Nomex, n'kumata ndi guluu wa silikoni, tailosi iliyonse payokha, zonse zoposa 20,000. Ankasiyanso timipata kuti zisakhulane, koma mpata ukakula mpweya wamoto umalowera pomwepo. Zimamwanso madzi, ndiye ulendo uliwonse ukatha ankazithira mankhwala oletsa chinyezi.

Pamphuno ndi m'mphepete mwa mapiko, pomwe pankapitirira madigiri 1,500, ankaikapo reinforced carbon-carbon, chipangizo cholimba chopangidwa ndi ulusi wa kaboni. Apa ndi pomwe Shuttle yotchedwa Columbia inapwetekera: ponyamuka mu Januwale 2003, chidutswa cha thovu louma chinathothoka pathanki ya mafuta n'kuboola phiko lakumanzere. Pobwerera pa 1 Febuluwale, moto unalowera pabowolo, anthu onse 7 anamwalira.

Zombo zochokera kumwezi zimafika pa makilomita 11 pa sekondi, choncho Apollo ndi Orion anaziveka Avcoat, yomwe imapsa dala n'kumayoyoka, kutentha n'kumapita ndi phulusalo. Nayonso ili ndi zake: pa ulendo wa Orion wotchedwa Artemis I mu 2022, mpweya wotuluka m'kati mwake unasowa potulukira, zibenthu zinathothoka.

Za uvuni wanu, musavutike ndi mchenga. Ndi wolemera ndipo umangosunga kutentha. Mangani m'kati ndi njerwa zosamva moto, kunja kwake mukulunge bulangete la ceramic fibre la masentimita 2.5 mpaka 5, n'kuphimba ndi lata kuti lisanyowe. Podula valani magolovesi ndi chotchinga kumphuno, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo lisakhudzane ndi chakudya.