Mukufuna kukayendetsa nokha ku South Africa? Yambani ndi khadi lanu la ku banki

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Area 49, akuti akhala akusunga tindalama kwa zaka ziwiri ndipo akufuna mu Disembala akapume ndi madamu ndi ana awiri ku South Africa kwa masiku khumi, koma sakufuna zokwera mabasi, akufuna kukachita hayala campervan, galimoto ija imakhala ndi pogona ndi pophikira mkati momwemo, ayendetse okha kuyambira ku Johannesburg mpaka ku Cape Town. Funso lawo ndi loti kodi laisensi ya kuno ikagwira ntchito, nanga ayambire pati.

Achimwene, zikomo polemba. Za laisensi ndikuyankhani msanga chifukwa sizovuta, laisensi yathu ndi yachingerezi, ili ndi chithunzi ndi siginecha, nde ku South Africa imaloledwa bola isakhale yotha ntchito. Code B imafika pa galimoto ya makilogalamu 3,500 ndipo ma campervan ambiri ang'onoang'ono amakwana m'menemo, komabe funsani kampaniyo pa imelo ngati ikufunanso International Driving Permit, chiphaso choyendetsera galimoto m'maiko akunja, akuyankheni molemba, musunge. Amayendetsera kumanzere ngati ife, ndiye dzanja silidzakusokonezani. Pasipoti ya Malawi mumalowa nayo masiku 30 opanda viza.

Pomwe anthu a kuno timakodwa ndi pa khadi. Makampani ambiri a hayala amafuna credit card yolembedwa dzina la woyendetsayo, ndipo pa tsiku lotenga galimoto amatsekerapo ndalama ya dipoziti yomwe simungaigwiritse ntchito mpaka mutabweza galimoto, mwinanso kudikira masiku angapo pambuyo pake. Ife ambiri tili ndi ma debit card, kuwonjezera apo mabanki athu amaika malire pa ndalama zomwe mungagwiritse ntchito kunja chifukwa cha vuto la forex lomwe tonse tikulidziwa. Ine zinandichitikira, ndinafika pa kauntala pa eyapoti nditalipira kale pa intaneti ndili ku Lilongwe konkuno, mtsikana wa pa kauntala anazunguza khadi langa m'manja, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nkundibwezera mwaulemu kuti ili sitilandira. Mkazi wanga anali atakhala pa chikwama, mwana akugona pamiyendo pake, ine ndikuyenda kauntala ndi kauntala pafupifupi maola awiri kufikira nditapeza kampani ina yomwe inavomera koma pa mtengo wokwera. Sindikufuna zimenezi zikuoneni muli ndi ana awiri. Choncho musanagule ngakhale tikiti ya ndege pitani ku banki kwanu, mukafunse kuti khadi lanu ndi la mtundu wanji, malire ake kunja ndi angati pa tsiku ndi pa mwezi, kenako lemberani kampani ya hayala kufunsa kuti dipoziti ndi ma rand angati ndipo khadi lanu alilandira kapena ayi. Dipoziti ya campervan imakhala yokwera kuposa ya kagalimoto wamba, muziyembekezera zimenezo.

Tsopano msewu womwe mwasankhawo. Johannesburg mpaka Cape Town pa N1 ndi makilomita pafupifupi 1,400, tangoganizani kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre maulendo anayi ndi kupitirira apo, ndipo mbali yaikulu ndi chigwa chouma cha Karoo chomwe mu Disembala kumatentha koopsa. Pa masiku khumi mudzataya awiri kapena atatu mukungoona phula, ana akufunsa kuti tafika kodi. Ndikanakhala ine ndikanalumikiza ndege mpaka ku Cape Town, nkutengera galimoto komweko, nkuyenda pa N2 kulowera kum'mawa, msewu omwe mbali ina yake amaitcha Garden Route. Kuchoka ku Cape Town kufika ku Gqeberha, komwe kale ankati Port Elizabeth, ndi makilomita pafupifupi 750 basi, ndipo mumangoyenda maola ochepa mwafika kale pamalo pogona pena, Mossel Bay, Wilderness, Knysna, Tsitsikamma pomwe mtsinje wa Storms River umathira m'nyanja pansi pa kamlatho kolendewera komwe ana sadzakaiwala. Mukakhotera ku Oudtshoorn kuli nthiwatiwa ndi mapanga a Cango, ndipo kumapeto kuli Addo kwa njovu. Ingodziwani kuti mukatenga galimoto tauni ina nkukaisiya ina amakulipiritsani ndalama yapadera, ifunseni isanakudzidzimutseni.

Za campervan ndinene zoona zanga, pa ulendo woyamba sindingakulimbikitseni. Anthu amaganiza kuti poti ukugona m'galimoto ndiye wapulumutsa ndalama ya loji, koma simungangoima pena paliponse nkugona, ndi zoopsa komanso m'malo ambiri nzoletsedwa, mumayenera kulipira malo pa campsite, bwalo lokonzedwera anthu ogona m'matenti ndi m'magalimoto otere, usiku uliwonse. Hayala yake pa tsiku ndi yokwera, imamwa mafuta kwambiri, m'tauni poimika pamavuta, ndipo anthu anayi m'kachipinda kamodzi mvula ikagwa mtima umatopa. Kagalimoto wamba kuphatikiza tinyumba todziphikira nokha nthawi zambiri zimabwera pamtengo wofanana kapena kutsika, ufa mugula m'shopu konko nkuphika nsima yanu madzulo bwinobwino. Koma ngati mtima uli pa campervan basi, chitani masamu onse awiri pa pepala, muwonjezere mafuta ndi campsite, muone nokha.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi mwezi wa Disembala. Imeneyo ndi holide yaikulu ya masukulu kumeneko, anthu ambiri a ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Johannesburg, amatsikira kunyanja, mitengo imakwera ndipo malo ogona a SANParks, bungwe loyang'anira mapaki aboma, amayamba kubukitsa miyezi 11 nthawi isanakwane, moti abwinowo amatha kalekale. Ngati ana angapeze mpata pa holide ya Isitala, nyengo imakhala yabwinobe ndipo anthu amachepako. Pa geti ya paki onetsani pasipoti, ife a m'maiko a SADC timalipira ndalama yotsika kuposa alendo ochokera ku Ulaya, anthu ambiri sadziwa nkumalipira yodula.

Pa inshuwaransi musaumire. Tengani yomwe imatsitsa excess, ndalama yomwe mumalipira nokha galimoto ikaonongeka, ndipo funsani ngati matayala ndi galasi lakutsogolo zili momwemo chifukwa nthawi zambiri zimakhala padera. Potenga galimoto izungulireni ndi foni mukujambula vidiyo, kapalidwe kalikonse, marimu, denga, mulingo wa mafuta, sipeya ndi jeke, wa kampaniyo ali pompo. Madamu ngati adzayendetsakonso alembetseni dzina, apo ayi ngozi ikachitika iwo ali pa chiwongolero inshuwaransi ikana.

Pamsewu liwiro ndi 120 pa misewu ikuluikulu, 60 m'tauni, makamera ali ponseponse ndipo chindapusa chimakupezani pa khadi lomwe lija mutabwerera kale ku Area 49. Pa mphambano ya zikwangwani zinayi za STOP amene wayamba kufika ndi amene amayamba kudutsa, osalimbirana. Ma tollgate alipo ngati athu a pa Chingeni ndi Kalinyeke, pa N2 muupeza ku Tsitsikamma, nde sungani ma rand pang'ono m'thumba, enanso a owathira mafuta ndi anyamata olondera magalimoto poimika. Musasiye chikwama kapena foni poonekera pa mpando, ndipo usiku musayende, konzani kuti pofika 5 koloko mukhale mwafika pogona. Mugulenso adaputala, mapulagi awo ndi a mano atatu obulungira, tchaja cha kuno sichilowa.

Mukabwera ku banki kuja mundilemberenso zomwe akuuzani za khadi, ndi zaka za anawo, tidzaone limodzi kuti masiku khumiwo tiwagawe bwanji pakati pa Cape Town ndi Addo.